Mmene Tsitsi Langa Linalowera mu Filimu ya Tadala

Ana inu, Tadala ndi Chisomo, ndagula kope kuti ndilembe izi, chifukwa ndikamakuuzani pakamwa mumangogwedeza mutu maso ali pa foni. Sukulu ndinalekezera Sitandade 3, ndiye mukapeza chilembo chapendama musaseke. Muwerenge pang'onopang'ono, Chichewa sichiluma. Makamaka iwe Chisomo, amene unali kuntchito ku migodi zonsezi zikuchitika, nkubwera kudzapeza agogo ako ali ndi mpala, nkuyamba kufunsa amayi ako monong'ona ngati ndadwala khansa. Sindikudwala. Khala pansi umve.

Filimu ine sindinaidziwire kuno ku Perth ayi. Ndili mtsikana kwathu ku Dedza, chaka chilichonse tikatha kukolola kunkabwera galimoto ya kanema. Ankamanga chinsalu choyera pakati pa mitengo iwiri ya bulugama, nkutionetsa mmene tingakumbire chimbudzi ndi mmene tingathirire feteleza. Ochedwa ankakhala kuseri kwa chinsalucho, ndipo kumeneko munthu wa mu kanema ankalima ndi dzanja lamanzere. Mawa lake pachitsime tinkakangana, ena akuti anali wamanzere, ena akuti ayi. Tonse tinali titaona zoona.

Kumeneko ndi kumene ndinaonera koyamba agogo anu aamuna, a Layisoni. Injini ya kanema inali itakana kulira, anthu akudikira, ndiye iwo ndi anzawo atatu anangokhala pakati pa bwalo nkuyamba kuimba. Banjo yawo anapanga okha: chitini cha mafuta a galimoto, chikopa cha mbuzi, ndi waya wa mabuleki a njinga. Ng'oma yaikulu ankaiponda ndi phazi, ndipo pamwamba pake anamanga zotsekera mabotolo zoboola pakati, zomveka tsekeretsekere. Sindinganame kuti ankaimba bwino. Ankakuwa. Mitsempha ya m'khosi inkachita kutuluka ngati mizu ya kachere. Akulu ampingo ankati ndi nyimbo za ziwanda, ndipo bambo anga atamva kuti mnyamatayo akundifuna anati, “Woimba chitini adzakudyetsa chitini.”

Sanandidyetse chitini. Anadzakhala telala pakhonde la sitolo, ndipo amayi anu anaphunzira unamwino ndi makina osokera aja. Koma banjo sinachoke pa msomali, ndipo Lamulungu lililonse masana inkatsika. Wina akawauza kuti sadziwa kuimba, ankayankha kuti, “Wodikira kudziwa adzaimbira kumanda.”

Za kubwera kwathu kuno mukuzidziwa. Tinabwera kudzathandiza amayi anu, amene ankagwira ntchito usana ndi usiku kuchipatala ku Joondalup. Tinkati tikhala miyezi yochepa. Kenaka mliri uja unabwera, ndege zinaleka kuuluka, ndipo mtima wa agogo anu unaima tili konkuno. Tinawaika mu mchenga wa kuno, anthu owerengeka, aliyense atatseka pakamwa ndi nsalu. Amayi a kumpingo anaimba mmene akanathera. Koma wachibale wakuchimuna panalibe ndi mmodzi yemwe.

Tsopano apa mumvetsetse, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kwathu maliro sathera kumanda. Amathera pa kumeta. Pakapita masiku, achibale amakhala kuseri kwa nyumba m'mamawa, pabwera madzi ndi sopo, nkuyamba kumetana. Kale kukasowa lezala ankaswa botolo nkusankha phale lakuthwa, ndipo amayi anga anali katswiri, sankacheka munthu. Mkazi wamasiye samadzimeta yekha. Amametedwa ndi mayi wakuchimuna, kawirikawiri mlongo wa malemu, amene akamaliza amanena kuti, “Takumasulani.” Tsitsi lija amakalikwirira. Kuyambira pamenepo ukhoza kupita kumsika osayang'ana pansi, ukhoza kuseka anthu osakudabwa.

Ine panalibe wondimeta. Ndinavala duku lakuda tsiku la maliro, ndipo ndinakhala nalo zaka zinayi. Ndinkalivula posamba pokha, osayang'ana pagalasi. Amayi anu anayesa. Anati, “Amayi, tiyeni ndikuperekezeni ku saluni, kuli mayi wa ku Zambia wodziwa tsitsi lathu.” Ndinawayankha kuti ku saluni amameta tsitsi, sameta maliro. Sanabwerezenso. Inu munkangoti agogo ndi ofatsa. Sindine wofatsa ine, ana inu. Funsani ku Dedza.

Ndiye linafika Loweruka lija. Tadala, unandiuza kuti masana kubwera anzako kudzakambirana za filimu imene aphunzitsi a ku yunivesite anakuuzani kuti mupange. Ndinakazinga zitumbuwa. Belu litalira ndinakatsegula ine. Pakhomo panaima mtsikana wachizungu, mutu wometedwa psiti, zovala zakuda zong'ambika, maso akuda ngati walira usiku wonse. Kumbuyo kwake anyamata awiri, nawonso mipala, nawonso zakuda. Anthu atatu, ometa tsiku limodzi, ovala zakuda. Kodi inu mukanaganiza chiyani?

Ndinawalowetsa m'nyumba. Ndinapita kukhitchini, ndinatenga paketi ya shuga ndi masamba a tiyi, ndinaika pambale. Kenaka ndinagwada pamaso pa mtsikanayo, amene dzina lake ndi Jesi, nkumugwira dzanja ndi manja awiri. “Pepani, pepani mwanawe. Ndi njira ya tonse.” Nditatero ndinakhala pansi pa kapeti, miyendo nditatambasula, nkuweramitsa mutu, monga timachitira pa siwa. Iwo anayang'anana. Kenaka Jesi, poona kuti munthu wamkulu wakhala pansi, anatsika pampando nkukhala pambali panga, majombo ake atatambasula. Anyamata aja anatsatira. Tinakhala chete anthu anayi, shuga ali pakati.

Umu ndi mmene unatipezera iwe Tadala, ukuchokera kuchipinda ndi mapepala ako.

“Agogo, mukutani?”

“Ndikupepesa. Bwanji sunandiuze kuti anzako aferedwa? Amwalira ndani, mayi kapena bambo?”

Unaseka mpaka mapepala kugwa. Ndiye unayesa kundifotokozera ndi Chichewa chako chonga cha ansembe achizungu. “Agogo, palibe wamwalira. Ndi sitayilo. Awa amaimba panki.”

“Panki ndi matenda?”

“Ndi nyimbo, agogo!”

Manyazi anandigwira, ndipo manyazi a munthu wamkulu amasanduka mkwiyo msanga. Ndinati uwauze kuti kumeta mpala nkuvala zakuda popanda maliro ndi kuitana imfa pakhomo. Unawauza, ngakhale ndikukayika ngati unanena zonse. Jesi sanakwiye. Anati iye amameta chifukwa anatopa kuuzidwa mmene mtsikana ayenera kuonekera. Anafunsa za mwambo wathu, ine ndikufotokoza, iwe ukumasulira. Anamvetsera bwino, chipini chake cha pamphuno chikunyezimira ngati cha amayi a ku Mangochi. Pomaliza anayang'ana duku langa nkufunsa mwaulemu ndithu, “Ndiye inunso munameta amuna anu atamwalira?”

Ndinadzuka nkukatenga zitumbuwa.

Ndinakhala pakona ndikusenda mtedza, makutu ali kwa inu. Munamata mapepala khoma lonse, pepala lililonse ndi kachithunzi kojambula pamanja, anthu ake ngati ndodo za machesi. Ndinafunsa kuti mu filimuyo akwatira ndani. Unati mulibe ukwati. Wakuba agwidwa? Mulibe wakuba. Nanga nkhani yake ndi yotani? Unati ilibe nkhani, ndi filimu yoyesera zinthu zimene ena sanayesepo. Pena kamera muizondotsa. Pena mujambula mapazi okhaokha a anthu ovina. Pena chithunzi chizima, anthu azingomva kulira kwa firiji. Ndinaganiza kuti aja a chimbudzi ndi feteleza analiko bwino, munthu unkabwerako ndi nzeru.

Koma pepala loyamba ndi limene linaimitsa manja anga. Unati filimu iyamba mwakachetechete, tsitsi likugwa pansi, munthu akumetedwa, kenaka phokoso lonse liphulike. Popeza oimbawo anali ometa kale, unati, “Ndimeta ine.”

Iwe! Tsitsi limene ndakhala ndikuluka ndi zala zanga zino kuyambira tsiku limene ndinafika kuno, iwe ukulira kuti ndikukoka. Amayi ako ali moyo, bambo ako ali moyo, mchimwene wako ali pansi pa nthaka ku migodi, ndiye iwe ukakhale pampando nkumeta mpala kuti aphunzitsi akuombere m'manja? Madzulo amayi anu atamva anakalipa m'Chingerezi, iwe ukuyankha m'Chingerezi, zitseko zikumenyedwa. Unati tsitsi ndi lako, ndipo umeta pakatha masabata awiri. Khosi louma limenelo ndikulidziwa kumene linachokera. Ndinakhala nalo m'nyumba zaka makumi anayi ndi zisanu.

Ndinati ndikaone ndekha chinthu chimene mwana akufuna kutayira tsitsi. Lachitatu tinakwera basi, kenaka sitima mpaka ku Rockingham. Ulendo wautali, koma wopanda nkhani. Kwathu ulendo wotero ukanatsika ukudziwa dzina la mnzako wapampando, matenda a apongozi ake, ndipo nkhuku yake itakunyerera pamwendo. Kuno aliyense amakhala ngati wakwiyira zenera.

Ankaimbira m'galaja ya amalume ake a Jesi, masana, chifukwa dzuwa likalowa aneba amadandaula. Makoma anamata matireyi a mazira. Unandipatsa timaphira totseka m'makutu, ine ndinatiika m'thumba. Jesi anakhala pa ng'oma, anamenya timitengo kanayi, ndipo chimene chinatsatira sindingachilembe. Chinali ngati matala pa malata, ngati chigayo chameza mwala. Nyimbo isanafike poti munthu uimve, yatha. Ayambanso ina, yofanana ndi yoyamba.

Ndinkafuna kutuluka. Koma maso anga anagwera pa phazi la Jesi. Chopondera ng'oma yaikulu chinali chothyoka, ndipo anachimanga ndi waya, wopota kawiri nkupinda nsonga kuti isabaye. Ndi mmene ankamangira agogo anu. Ndinakweza maso kuyang'ana mnyamata woimba uja. Maso atatsinzina, mitsempha ya m'khosi ili panja. Ana inu, ndinamva fungo la mafuta a injini ya kanema.

Atamaliza ndinati umuuze Jesi kuti sadziwa kuimba. Unachita mantha, koma unamuuza. Anaseka mpaka kutsokomola, nati, “Tikudziwa! Tikanadikira kuti tidziwe, sitikanayamba.” M'sitima pobwerera unandifunsa ngati phokoso landipweteka m'maso. Ndinati eya.

Mawa lake ndinaimba foni ku Dedza, kwa alamu anga a Nabanda, mlongo wa agogo anu amene anatsala yekha. Ndi amene anayenera kundimeta, koma miyendo inawakana kalekale, ndipo ndege amangoiona kumwamba. Mpongozi wawo anawagwirira foni kuti tionane nkhope.

“Alamu, dukulo simunavulebe? Achimwene anakukwatirani kapena anakumangani pamtengo?”

“Andimasule ndani, inu muli uko?”

“Nanga ndibwere wapansi?”

Ndinawafotokozera zonse, za shuga, za Tadala ndi tsitsi lake, za waya uja. Pa za shuga anaseka mpaka mpongozi kuwasisita pamsana. Kenaka anati, “Tandimvetsani nyimbo zakezo.” Tadala, unali utajambula pa foni yako, ndiye unawaikira. Sipanapite nthawi anayamba kukupiza manja.

“Zimitsani! Zimitsani! Phokoso lomwe lija! Amayi athu anamwalira ndi mutu wowawa chifukwa cha zimenezi.” Anapukuta m'maso ndi chitenje. “Alamu, mukudziwa inu kuti achimwene abale awo enieni sitinali ife. Anali a zitini aja. Mtsikanayo ndi wakuchimuna. Mupatseni lezala, mumuuze kuti ndamutuma ine Nabanda. Wotumidwa ndi mwini wake.”

Loweruka lotsatira mutasonkhananso ndi mapepala anu, sindinakhale pakona. Ndinakoka mpando mpaka patebulo. Ndinaloza pepala loyamba lija nkunena kuti, “Pamenepa pakhala ine.” Munangoti kukamwa yasa. Ndinati mutu wofunika kumeta m'nyumba muno ulipo umodzi, ndipo si wa Tadala. Kenaka ndinapereka malamulo anga, ndipo ndinaonetsetsa kuti walemba papepala. Nkhope yanga isaoneke, lioneke tsitsi ndi manja a wometa. Pometa pasamveke ng'oma kapena gitala. Tsitsi lisalowe m'bini. Pokalikwirira kamera itsale.

“Agogo, nanga chithunzi chikapanda kutuluka bwino? Timafunika kubwereza kangapo.”

“Ndiye ubwereke maso ambiri. Tsitsi likagwa silibwerera pamutu.”

Unayenda uku ndi uku m'chipindamo ukuluma pensulo. Kenaka unang'amba pepala loyamba nkujambula lina. Kamunthu ka ndodo za machesi unakaveka duku.

Amene anavuta ndi Jesi. Mtsikana womenya ng'oma ngati akupha njoka uja anayamba kukana. Anati si wachibale, si Mmalawi, akuopa kulakwira mwambo wa eni ake. Ndinati eni akewo ndi amene amutuma. Anati ali ndi makina ometera amagetsi. Ndinati makina ndi a sitayilo, ine ndikufuna lezala. Ndinamva kuti sabata yonse ankaphunzira pa chibaluni chopaka sopo, ndipo anaphulitsa zinayi.

Kwathu amameta m'mamawa. Choncho tinadikira mpaka dzuwa la kuno lifike pamutu, nthawi imene ku Dedza kumakhala kukucha. Tinayala chitenje kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mandimu. Amayi anu anapempha tchuthi, ndipo anabwera ndi amayi awiri a kumpingo amene anapemphera. A Nabanda tinawatsamiritsa pampando, m'foni, atafunda bulangeti, tambala akulira kumbuyo kwawo. Anyamata aja anaima patali atagwira mafoni, manja ena ali kumbuyo ngati ana a kwaya.

Ndinamasula duku ndekha. Amayi anu anagwira pakamwa. Ine sindinadziwe chifukwa chake mpaka Jesi atadula ndi sizasi nkhata yoyamba, nkugwera pamwendo panga. Linali loyera lonse, ngati thonje. Ndinalowa m'dukumo ndi tsitsi lakuda, ana inu. Sindinadziwe kuti ndakalambira mkati.

Jesi anapaka sopo, nayamba ndi lezala. Dzanja lake linali lozizira. Panali zii. Ndinkangomva lezala likuyenda, ndi mbalame zakuda zija za kuno zimene zimalira ngati mwana wokana kusamba. A Nabanda okha ndi amene sanapirire. “Kuseri kwa khutuko! Wasiya kuseri kwa khutu!” Tadala, ndinakuona. Kamera inali m'manja, koma misozi inali kutsikira m'khosi. Ngati chithunzi chagwedera, uwauze aphunzitsi kuti ndi kuyesera kuja.

Atamaliza, Jesi anabwera kutsogolo kwanga nkugwada, mawondo akutulukira m'mabowo a thalauzi. Mawu anali atawaloweza. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, monga ndinamugwirira tsiku lija, nati, “Takumasulani, alamu.”

M'foni a Nabanda analuluta.

Tsitsi ndinalikulunga m'duku lomwe lija. Ine ndi amayi anu tinakalikwirira, ndipo malo ake tikuwadziwa awiri. Pobwerera, kamphepo ka kunyanja kaja kamene kamabwera masana kanali katayamba. Kanandikhudza pamutu. Zaka zinayi ndili m'dziko lino, sindinkadziwa kuti mphepo yake ndi yozizira bwino chotero.

Ndinapeza onse ali chete, akundiyang'ana ngati ndine dzira. Ndinati, “Nanga phokoso lija lili kuti? Pepala lachiwiri likuti chiyani?” Jesi anathamangira ku ng'oma zimene anasiya pakhonde. Anamenya timitengo kanayi. Amayi a kumpingo anagwira mitu, a Nabanda anakuwa kuti foni izimitsidwe, galu wa aneba analowa pansi pa galimoto. Ine ndinaseka. Ndinaseka mpaka kukhala pansi pa udzu, ndipo Tadala anazondotsa kamera.

Ndiye Chisomo, usamanong'onenso. Ndipo mukadzaonetsa filimuyo, wina akadzafunsa kuti mutu wa imviwo ndi wa yani, musadzati ndi sitayilo. Mudzati ndi agogo athu, akutsiriza maliro a woimba chitini.

Jesi amabwera Lachisanu lililonse kudzadya zitumbuwa. Amanditcha alamu, ndipo shuga uja akuti sadzamutsegula. Tsitsi langa layamba kumera, likundiyabwa.

Iwe Tadala, lako lija ndiliona likadali pamutu, ndipo mawa ubwere ndi chipeso, lafumuka ngati chisa cha mpheta. Ulisamale. Lili ndi ntchito yake, ndipo tsiku lake lidzafika. Pa tsikulo musadzapite ku saluni. Mudzakhale pansi pa mandimu paja, iwe ndi mchimwene wako ndi amayi anu, mudzaitane Jesi, lezala akulidziwa tsopano. Mukadzatha, mudzaimbe phokoso lanulo. Koma usafulumire kunola lezala, mwanawe. Ndangoyamba kumene kuseka.